Mawu awiri amene ndinatuma mzungu

Amayi anamwalira ku Dedza ine ndili ku Silver Spring, mchimwene wanga Lonjezo ali m'ndende ya anthu opanda mapepala. Ine maliro ndinawaonera pa foni. Iye palibe anamuuza.

Tsiku lomaliza limene anaimba foni, azakhali amene ndimakhala nawo anaima patsogolo panga akupukusa mutu, chala chili pakamwa. Lonjezo anafunsa za amayi. Ndinayankha kuti, "Akudwalabe, achimwene. Kaya inu muli bwanji?" Kenaka foni inaduka. Sabata yomweyo anamusamutsira kundende ina, kumapiri a ku Pennsylvania, ndipo sanaimbenso. Ndinamulembera kalata m'Chichewa. Inabwerera ndi chidindo chonena kuti wowerenga makalata wa kumeneko samva chilankhulocho.

Kenaka loya wake, mayi wothandiza mwaulere amene ali ndi milandu yambiri kuposa tsitsi, anatiimbira. Anati Lonjezo wanena kuti Lolemba asayina pepala lovomera kubwezedwa kumudzi, akufuna akawapeze amayi ali moyo. Akasayina, mlandu watha, ndipo kuno sadzapondanso. Ndinamupempha loyayo kuti amuuze zoona. Anati saonana naye Lolembalo lisanafike.

Ine sindikanapita. Ndinabwera pa viza ya sukulu, ndipo maphunziro a unamwino ndinawasiya chaka chachiwiri. Viza inafera pomwepo. Kukaonetsa chiphaso changa pa geti la ndende imeneyo kukanakhala ngati nkhuku yolowa yokha m'khitchini. Azakhali mapepala awo akadali m'njira. A kutchalitchi, aja ovala masuti ogwira ntchito m'mabanki akuluakulu a mu Washington, anabwera kunyumba kudzaimba nyimbo za maliro, anadya, anapita. Nditafunsa woti akalowe kwa Lonjezo, aliyense anali ndi msonkhano. Wina anati akutipempherera. Chimene ankaopa n'chakuti dzina lawo lingalembedwe pa geti la ndende.

Amene anatsala ndi a Brendan, mzungu wokalamba wa ku Arlington amene azakhali amawasamalira masana. A Brendanwo agogo awo aamuna anamangidwa ndi Angerezi kalekale, nthawi imene anthu a ku Ireland ankamenyera kudzilamulira. Makalata amene ankalembera mayi awo ali m'ndende akusungidwa m'laibulale ya yunivesite ina pafupi ndi Philadelphia. Akuti atatuluka anakwera sitima kubwera ku America, ndipo mpaka imfa sanalankhulenso ndi alongo awo. M'banjamo palibe ankadziwa chifukwa chake. A Brendan ankafuna kuwaona makalatawo asanafe, koma adokotala anawaletsa kuyendetsa, ndipo mwana wawo amakhala kutali. Galimoto inangogona m'galaja.

Ndinawauza mosazungulira. "Ndikakufikitsani ku makalata anu. Inu mukandilowere kwa Lonjezo. Tsiku loona akaidi a m'chipinda chake ndi Lachisanu madzulo."

"Ndikamuuze chiyani?"

"Mawu awiri okha. Amayi atisiya."

"Sindingangonena m'Chingerezi?"

"Amayi anga sanafe m'Chingerezi. Ndipo mzungu wachilendo akanena m'Chingerezi, Lonjezo aganiza kuti ndi msampha wa a boma."

Tinkalankhula Chingerezi, koma ndikulemba momwe ndinkamvera.

Lachisanu tinalawira. Ndinakwera sitima yapansi ndi azakhali mpaka ku Arlington kukuyamba kuyera. Azakhali anawaveka a Brendan juzi, anaika mankhwala m'kachikwama, anapinda chitsulo chawo choyendera n'kuchilowetsa kumbuyo. Kenaka anawerama pawindo.

"Agogo, ndakugwirani mwendo. Munthu ali m'ndende sauzidwa maliro. Alibe womugwira. Akadzipweteka tidzati chiyani? Mukangoti akudwala, koma asasayine."

"Akamva kuti akudwala asayina, azakhali," ndinatero.

"Iwe Tadala, pakamwa pako mpomwe panakuchotsa sukulu."

"Panandichotsa ndi fizi."

A Brendan anangoyang'ana kutsogolo, manja ali pamaondo.

Galimotoyo inali yakale, yaitali ngati bokosi la maliro, ndipo chiwongolero chinkakokera kumanja. Layisensi yanga ndi ija Maryland amapatsa ife opanda mapepala. Ndi yovomerezeka, koma ili ndi mawu pakona amene wapolisi aliyense amadziwa tanthauzo lake. Mtsikana wakuda, galimoto ya mzungu, nambala ya ku Virginia. Ndinkayenda ngati ndasenza mazira.

Pa msewu wozungulira Washington tinakakamira. Magalimoto anali mphuno ndi mchira mpaka kupitirira Lanham. Ndinati tigwiritse ntchito nthawiyo.

"Nenani. Amayi."

"Amayi."

"Atisiya."

"Tisiye."

"Ayi. Pamenepo mukuthamangitsa mayi anga. A-ti-si-ya."

"Atisaya."

Tinadutsa pansi pa madzi ku Baltimore akunenabe zolakwika. Titatuluka m'ngalandemo anasiya.

"Tadala, mwina azakhali ako akunena zoona. Ine mkazi wanga atamwalira ndinali ndi anthu m'nyumba, koma ndinatsala pang'ono kupenga. Nanga mnyamata ali yekha pakati pa makoma? Mwina ndingomuuza kuti adikire."

"Tinagwirizana."

"Tinagwirizana kuti ndilowa."

Ndinafuna kuimitsa galimoto n'kuwatsitsa pomwepo ndi chitsulo chawo. Ndinangogwira chiwongolero mpaka zala kuchita dzanzi. Pa geti lolipiritsa msewu, kamakina kawo kolipirira ka pagalasi sikanalire, ndipo ndinayenda mtunda wautali ndikuyang'ana kumbuyo ngati kukubwera wina.

Mankhwala awo ndi okodzetsa. Tinaima kawiri tisanatuluke mu Maryland, kachitatu pamalo opumirapo a ku Delaware. Kumeneko analowa kuchimbudzi n'kusowa. Ndinaima pakhomo la amuna ngati wopemphetsa. Anthu ankalowa, ankatuluka, ankandiyang'ana. Ndinayamba kuganiza kuti akagwera m'menemo kubwera ambulansi, ikabwera ambulansi kubwera apolisi, ndipo funso loyamba likhala lakuti iweyo ndiwe ndani.

Anatuluka atagwiridwa mkono ndi bambo wina wakuda wovala jekete la oyendetsa mathiraki.

"Sisi, ni banu aba bamudala?" Anali wa ku Zambia. "Nabapeza pa sinki bakamba beka ati amai batisiya. Nadabwa, muzungu akamba Chinyanja, futi pa saizi iyi akali na bamai?"

"Ndi mayi anga amene anamwalira."

Anavula chipewa. "Pepani, sisi. Pepani maningi." Anandigwira dzanja ndi manja awiri, osafunsanso china. Chimwalirireni amayi, ameneyo ndiye anandipepesa popanda kundiuza kuti ndilimbe mtima.

"Wandimva," anatero a Brendan tikulowa m'galimoto. "Ndiye kuti ndanena bwino."

"Mwanena bwino kuchimbudzi."

Tinafika payunivesitepo dzuwa litakwera kale. Malo oimika galimoto anali kutali, ndipo a Brendan amayenda ngati akuwerenga miyala. Chipinda chosungira zolemba zakale chinali pamwamba, chozizira, chopanda phokoso. Mtsikana wa pamenepo anatiuza kuti tisiye zikwama m'kabati, tisambe m'manja, cholembera ayi, pensulo yokha. Anafuna ziphaso. Ndinamupatsa changa, iye anangokopera dzina n'kundimwetulira. Anali wa msinkhu wanga. Ndinadana naye popanda chifukwa, mwina chifukwa cha kakhadi ka sukulu kamene kanali pakhosi pake.

Tinadikira. Bokosi la makalatawo linali m'chipinda china, ndipo wa makiyi anali atatuluka. Ndinkangoyang'ana wotchi ya pakhoma. Kuchoka pamenepo kukafika kundende ndi ulendo wina wathunthu, wautali kuposa umene tinayenda.

Bokosi litabwera, linali la katoni, lotuwa, lokhala ndi mafayilo ochepa. Makalatawo anali timapepala topyapyala, tolembedwa tinthu ting'onoting'ono mpaka m'mbali. A Brendan anayesa ndi magalasi awo, anayesa ndi galasi lokulitsa.

"Sindikuona. Undiwerengere."

Ndinawerenga monong'ona, mothamanga. Ndinkayembekezera za nkhondo ndi za ufulu. Munalibe. Munthuyo ankadandaula za kuzizira ndi buledi woipa. Ankapempha masokosi. Ankafunsa ngati ng'ombe yabereka, ngati denga alikonza, ngati chifuwa cha mayi ake chachepa. Apa ndi apo panali mizere yodetsedwa ndi inki yakuda. Mtsikana uja anatifotokozera kuti nthawi zambiri pamenepo m'pamene mkaidi analemba m'chilankhulo cha kwawo, ndipo wowerenga makalata wa kundende ankafuta chifukwa sankachimva. Ndinakumbukira chidindo cha pa kalata yanga, koma sindinanene. Nthawi inalibe malo a zimenezo.

M'fayilo yachitatu makalata anayamba kunena chinthu chimodzi mobwerezabwereza. Ankapepesa kuti dzanja la mayi ake likupwetekabe, moti akumulembera ndi alongo ake. Ankawauza kuti apake mafuta, apumule, ayesetse kulemba okha ngakhale dzina lokha.

M'fayilo yomweyo munali kakhadi ka maliro, ka m'mphepete mwakuda. A Brendan anakatenga, anakayandikitsa kumaso, anakaika pambali pa kalata imene ndinkawerenga.

"Deti la apa ndi liti?"

Ndinawauza.

"Nanga la pa kalata?"

Ndinawauza. Kalatayo inalembedwa mayiyo ali kale m'manda. Yotsatira chimodzimodzi. Nyengo yonse yozizira inatha, kunayamba kufunda, munthu akulemberabe maliro kuti apake mafuta padzanja.

Kalata yomaliza sinali ya kwa mayi. Inali ya kwa alongo ake, yaifupi. Ankanena kuti wamva kwa mkaidi watsopano wa kumudzi kwawo, amene anamupepesa pabwalo poganiza kuti akudziwa kale. Ankafunsa amene anawauza kuti iye ndi mwana. Pansi panalibe moni, panali dzina lokha.

A Brendan anati, "Werenganso."

"Nthawi yatha."

"Ndadikira moyo wanga wonse. Werenganso kamodzi."

"Agogo anu anafa kalekale. Mchimwene wanga ali moyo, ndipo geti alitseka."

Mtsikana uja anandiyang'ana ngati ndamenya nkhalamba. Sindinasamale. A Brendan anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anasisita kalatayo ndi chala chimodzi, anatseka fayilo, n'kufikira chitsulo chawo.

Sitinadye. Ndinagula mabisiketi pa makina a pakhonde, tinalowa msewu waukulu wopita kumadzulo. A Brendan analankhula titatsala pang'ono kufika ku Harrisburg.

"Alongo ajawo ndinkawaona pa chithunzi. Ankaoneka anthu abwino."

"Azakhali anganso ndi abwino."

"Ndiphunzitsenso. Ndisakalakwitse."

Kuyambira pamenepo sanasiye. Amayi atisiya, amayi atisiya, ngati akuwerenga korona. Kumva mawu amenewo ulendo wonse, m'kamwa mwa munthu wachilendo, kunali ngati akundiboola ndi singano pamalo amodzi. Koma ndine ndinawatuma.

Titawoloka mtsinje msewu unayamba kukwera. Mapiri, mitengo, mathiraki. Anafunanso kuchimbudzi, ndipo potulukira panali patali. Tinataya nthawi ina kumbuyo kwa thiraki yonyamula zipika, pa msewu umene akukonza, munthu wa mbendera akutiimitsa ngati tabwera kudzaona iye. Dzuwa linapendeka. Foni inkandionetsa nthawi yofikira, ndipo nthawiyo inkangosendezera kufupi ndi yotsekera. Msewu utatseguka ndinaponda.

Wapolisi ndinamuona mochedwa. Anali atabisala pakati pa mitengo potsetsereka. Magetsi ake anayaka kumbuyo kwanga.

"Musanene chilichonse," ndinatero ndikupatuka. "Makamaka kumene tikupita."

Ndinatsitsa galasi, ndinazimitsa injini, ndinaika manja pachiwongolero momwe Lonjezo anandiphunzitsira. Iyenso apolisi anamugwira chonchi, chifukwa cha getsi lakumbuyo lakufa. Wapolisi anabwera pang'onopang'ono, chipewa chachikulu, dzanja pafupi ndi lamba. Anatenga layisensi, anaiyang'ana, anaitembenuza, anayang'ana pakona paja.

"Galimoto ndi ya ndani?"

"Ndi yanga," anayankha a Brendan. "Maso anga anatha. Akundiyendetsa."

"Mukuthamangira kuti?"



"Tikukanena maliro," anatero a Brendan. "Mnyamata wina mayi ake amwalira, ndipo sakudziwa. Ndine ndamuchedwetsa mtsikanayu. Ndimakodza ngati mwana."

Wapolisi sanaseke. Anatenga mapepala onse n'kubwerera ku galimoto yake.

Kudikira kumeneko sindikufunira munthu. Mathiraki ankadutsa akugwedeza galimoto yathu. Pagalasi ndinkamuona akulemba pa kompyuta, akusiya, akulankhula pa wailesi. Ndinayamba kuganiza zopusa: kuti nambala ya foni ya azakhali sindiidziwa pamtima, kuti zovala zanga zatsala m'makina ochapira, kuti mwina anditengera kundende yomweyo ndipo uthenga ndikaupereka ndekha. A Brendan anaika dzanja lawo lozizira pamkono panga. Ndinafuna kulikutumula, koma ndinaopa kusuntha.

Anabwera ndi pepala. Chindapusa cha liwiro. Anandibwezera layisensi, anandiyang'ana m'maso nthawi yaitali kuposa yofunika.

"Ofera pamsewu uno timakanenanso maliro awo ndife. Yendani bwino."

Ndinalephera kulowetsa kiyi kawiri. Mtunda wotsalawo ndinayenda pa liwiro lolembedwa pa zikwangwani, ndikutukwana chikwangwani chilichonse.

Ndendeyo ili kuseri kwa katauni kakang'ono, nyumba zazitali zopanda mawindo enieni, mipanda iwiri ya waya. Ndinkafuna kuwatsitsa kunja kwa msewu, koma ndi kayendedwe kawo akanafika mawa. Ndinalowa mpaka pamalo a alendo. Pambali panga panali maminibasi oyera a mawindo a waya. Ndinawatulutsira chitsulo, ndinawapatsa nambala ya ukaidi ya Lonjezo.

"Nenani komaliza."

"Amayi atisiya."

"Akafunsa kuti wakutumani ndani, muziti Tadala. Osati azakhali."

Ndinawaona akukwawa kupita kuchitseko. Mlonda anayang'ana wotchi, anayang'ana nkhalamba, anagwira chitseko. Chinatsekeka.

Ndinatsetsereka pampando mpaka mutu kubisika. Mchimwene wanga anali kuseri kwa khoma limene ndikanaligenda ndi mwala. Nthawi iliyonse munthu wa yunifolomu akadutsa ndinkasiya kupuma. Wina anaima pafupi kusuta fodya, anasuzumira, anapitirira. Azakhali anaimba katatu, sindinayankhe. Ndinkaganiza zimene ananena. Akadzipweteka tidzati chiyani? Ndinangodziwa kuti sindikufuna adzamve kwa mkaidi watsopano pabwalo.

Alendo ena anayamba kutuluka, azimayi ndi ana. A Brendan anali omaliza. Milomo yawo inkayenda. Nditatsegula chitseko anakweza dzanja kuti ndisalankhule, ndingawaiwalitse. Anakhala pansi, anapuma.

"Sindi. Sayina."

"Sindisayina?"

"Eya. Amenewo ndi oyamba."

Ndinatsamira chiwongolero. Sindinalire. Ndinangomva njala yoopsa.

"Anatani mutamuuza?"

"Pali galasi pakati, timalankhulana pa foni. Anandiyang'ana ngati ndasochera. Ndinanena mawu ako. Anaika foni pansi, anatsamiritsa chipumi pagalasi. Ndinaika dzanja langa pamenepo, china ndikanachita chiyani? Anakhala choncho nthawi yaitali. Kenaka anatenga foni n'kunena m'Chingerezi kuti ankakayikira kuyambira tsiku limene munalankhulana. Akuti ankasayina chifukwa kuno palibe womuuza zoona, ankafuna akaone yekha. M'chipinda mwake muli bambo wina wa ku Congo amene amapemphera naye. Sakhala yekha. Ndamuikiranso ndalama za foni, zake zinatsala kundende yakale."

"Anakayikira bwanji? Ndinanena kuti akudwala."

"Ndiye mawu achiwiriwo. Wandibwerezetsa kambiri." Anatseka maso. "Iwe. Osati inu."

Ndinatembenukira kumpanda wa ndende.

"Ndalakwitsa?"

"Simunalakwitse."

"Akutanthauza chiyani?"

Ndikanawafotokozera bwanji? Chibadwire sindinamutchulepo Lonjezo kuti achimwene. Amayi anandimenyera zimenezo mpaka anatopa. Kwa ine anali iwe, Lonje, mutu ngati dzungu. Tsiku lija pa foni, bodza lili pakamwa, ulemu unangotuluka wokha.

"Akuti ndisiye ulemu," ndinatero. "Ulemuwo sundikhala."

"Zimenezo ndiye n'zoona," anatero a Brendan, n'kumanga lamba.

Tinagona pa kahotela ka m'mbali mwa msewu, tinabwerera Loweruka. Za ulendo wobwerera palibe chonena, kupatula zimbudzi. Azakhali sanandilankhule masiku awiri.

Lolemba masana foni inalira. Nambala yachilendo, mawu a makina ofunsa ngati ndikuvomera kulankhula ndi mkaidi. Azakhali anatuluka kukhitchini, manja ali ndi sopo, anaima patsogolo panga pamalo omwe aja. Ulendo uno chala sichinapite pakamwa.

"Tadala?"

"Iwe, mutu ngati dzungu," ndinatero. "Wadya?"

Anayamba kuseka, kusekako kunathyoka pakati. Azakhali anakhala pansi pakapeti, anavula mpango n'kuphimba nkhope. Ndinaika foni pakati pathu kuti amve. Amayi anali atakhala m'manda milungu ingapo, koma kwathu maliro anayamba tsiku limenelo.